Opaleshoni ya timabowo ya amayi: amene mukuidziwa tithandizeni

Nabanda (Area 25)
Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ndabwera ndi nkhawa. Mng'ono wanga wapezeka ndi chotupa chamadzi pa thumba la mazira la kumanja. Sikani yaonetsa kuti ndi cha masentimita 7, ndipo chakhala chikumusowetsa mtendere kwa miyezi ingapo. Adokotala akuti sang'amba mimba ayi, angoboola timabowo n'kulowetsa kamera, ija amati laparoscopy. Mwiniwake wavomera, koma amayi athu kumudzi akukana kwamtuwagalu. Akuti munthu angachotse bwanji chinthu chomwe sakuchigwira ndi manja. Inenso mtima sukukhazikika. Alipo amene anapangidwapo? Kuopsa kwake n'kotani?

Make Tadala
Asisi, musade nkhawa kwambiri. Ine ndinapangidwa yomweyo chaka chatha, vuto langa linali endometriosis, matenda amene mnofu wonga wa mkati mwa chiberekero umamera kunja kwa chiberekerocho. Ndili ndi tizipsera titatu, kamodzi kanabisala mumchombo moti sikaoneka n'komwe. M'mawa mwake ndinatuluka ndikuyenda ndekha. Mwana wanga woyamba ndinabereka pa siza, ndiye kusiyana kwake ndikukudziwa, ija ya siza kungoti ukhosomole umachita kugwira pamimba ndi manja awiri. Chimene chinandidzidzimutsa ndi phewa. Linkandiwawa kuposa mimba yomwe anaboolayo, mpaka ndinaganiza kuti mwina anandigoneka molakwika pa tebulo.

Nachisale
Si ija ya leza imeneyi? Ine ndinamva kuti imatentha zam'kati.

Namwino wa ku fiyeta
Zikomo amayi. Ndiyambe ndi a Nachisale: si leza ayi. Ndi opaleshoni yeniyeni, ya lumo ndi zopanira, kungoti zipangizo zake ndi zazitali komanso zoonda ngati cholembera. Wodwala amagonekedwa tulo tofa nato. Kenako m'mimba timapoperamo mpweya wa carbon dioxide kuti khoma la mimba litukuke, pakhale mpata pakati pa khomalo ndi matumbo. Kamera imalowera pa mchombo, pa bowo la sentimita imodzi, ndipo timabowo tina tiwiri kapena titatu ta theka la sentimita timakhala m'munsi. Dokotala amaona zonse pa sikirini, zitakulitsidwa. Ndiye amayi anu, a Nabanda, muwauze kuti kugwira ndi manja sagwiradi, koma kuona amaona bwino kuposa ndi maso okha, makamaka kuseri kwa chiberekero komwe kuli kothina.

Za phewa, a Make Tadala, ndi mpweya uja. Pomaliza timautulutsa koma wina umatsalira, n'kukakhala kunsi kwa mnofu wopumira umene uli pakati pa chifuwa ndi mimba. Mtsempha wa pamenepo ndi wolumikizana ndi wa paphewa, choncho ululu umamvekera kumtunda. Thupi limaumeza lokha mpweyawo pa masiku awiri kapena atatu. Kuyendayenda pang'ono kumathandiza.

Make Tadala
Ayi ndithu, zinathadi zokha. Akanandiuziratu sindikanachita mantha.

Nachisale
Chabwino, nanga magetsi akathima opaleshoni ili mkati? Tonse tikudziwa mmene zimakhalira kuno. Kamera ndi sikirini zonsezo ndi zamagetsi.

Namwino wa ku fiyeta
Funso limenelo ndi lolondola, musachite nalo manyazi. Fiyeta yopanda jenereta yodziyatsa yokha kapena mabatire osunga magetsi siyenera kupanga opaleshoni imeneyi. Chachiwiri, thireyi ya zipangizo zong'ambira mimba imayenera kukhala pomwepo, yophikidwa kale, kuti chikavuta china chilichonse dokotala atsegule mosataya nthawi.

Bambo a Yankho (Kawale)
Pepani amayi, ndilowererepo ngakhale nkhaniyi ndi yanu. Ine ndinakhalapo gadiyani wa mayi akunyumba, ndipo zimene ndinaona sindifuna zigwere banja lina.

Anawapanga opaleshoni yotereyi pa chipatala china cholipira, dzina sinditchula. Anali ndi vuto la machubu, komanso anapangidwapo siza kawiri. Tinatuluka tsiku lomwelo madzulo, tili okondwa. Tsiku loyamba analiko bwino, anamwa phala. Lachiwiri anayamba kunena kuti m'mimba mukupweteka kuposa dzulo. Tinaimba foni kuchipatala kuja, amene anayankha anati ndi mpweya, apatseni panado ayendeyende. Tinamvera. Tikayang'ana mabala, anali ouma bwinobwino, opanda mafinya. Ndiye tinkati palibe choopsa. Koma munthu anasiya kudya, anayamba kusanza, mimba inauma gwa, thupi kutentha, mtima kugunda mothamanga. Usiku wina ndinaona kuti akulankhula zosamveka, ndinapempha galimoto kwa aneba n'kuthamanga nawo kuchipatala chachikulu. Atatsegula anapeza kuti thumbo linabooka, zoipa zakhala zikutayikira m'mimba masiku onsewo. Anagona kuchipinda cha odwala mwakayakaya, ndipo kwa miyezi ingapo ankayenda ndi kathumba pamimba kotulutsira chimbudzi, mpaka anadzawalumikizanso.

Lero ali moyo, tikuthokoza Mulungu. Ine sindidana ndi opaleshoniyi. Chimene chimandiwawa n'choti palibe anatiuza zizindikiro zoti tikaziona tithamange, ndiponso titaimba foni sanatiuze kuti bwerani tidzamuone.

Nabanda (Area 25)
Mayo ine. Pepani kwambiri bambo. Izi ndi zomwe ndimaopazo.

Make Tadala
Pepani a Bambo a Yankho. Mayiwo muwapatse moni.

Nachisale
Mwaonatu. Ine ndiye bola anding'ambe ndione bala langa, kusiyana n'kubisa matenda mkati.

Dotolo wa amayi
Moni nonse. Ndimawerenga mwakachetechete pagulu pano, koma apa ndiyenera kulankhula. Bambo, zikomo pofotokoza, chifukwa nkhani yanu ndi imene ife timaiopa kwambiri pa opaleshoni imeneyi.

Nthawi yoopsetsa ndi poyambirira penipeni, polowetsa chipangizo choyamba, chifukwa kamera imakhala isanalowe. Pafupifupi theka la kuvulala konse kumachitika pamenepo. Njira zolowera zilipo zingapo. Ena amagwiritsa ntchito singano yotchedwa Veress, imene imabaya n'kuyamba kupopa mpweya. Ena amacheka pang'ono pa mchombo n'kulowa akuona, njira imene Harrith Hasson wa ku America anaifotokoza mu 1971. Kwa mayi amene anang'ambidwapo mimba, makamaka bala loimirira lochokera pa mchombo kutsika, matumbo amatha kumatirira ku khoma la mimba pomwe pali chipsera. Oterowo timakonda kulowera kumanzere, kunsi kwa nthiti, komwe kawirikawiri kulibe zomatirira.

Manambala ake ndi awa. Bungwe la madokotala a amayi la ku Britain, Royal College of Obstetricians and Gynaecologists, limati pa laparoscopy yongofufuza matenda, amayi pafupifupi 2 pa 1,000 alionse amakumana ndi vuto lalikulu, monga kuvulala kwa thumbo, chikhodzodzo kapena mtsempha waukulu wa magazi. Imfa ndi pakati pa 3 ndi 8 pa amayi 100,000. Opaleshoni ikakhala yochotsa chinachake, monga chotupa kapena chiberekero, chiopsezo chimakwererapo. Bungwe lomwelo limanenanso kuti pa mabala a matumbo 100, okwana mpaka 15 saoneka nthawi ya opaleshoni. Apa ndi pomwe pagona nkhani ya mayi a kwa Bambo a Yankho.

Zimatheka bwanji osaona? Mwina kabowo n'kakang'ono ndipo kali kuseri kwa thumbo. Mwinanso ndi kupsa. Potseka mitsempha yotaya magazi timagwiritsa ntchito chipangizo chamagetsi chotentha. Chikakhudza thumbo, tsiku limenelo pamangooneka kadontho koyera kapena osaoneka kalikonse. Mnofu wopsawo umafa pang'onopang'ono, n'kudzabooka patapita masiku angapo, nthawi zina kupitirira sabata, munthu ali kunyumba. Ndiye a Nachisale, pamene munati imatentha zam'kati simunaphonye kwenikweni, kungoti si leza.

Lamulo limene ndimauza wodwala aliyense ndi gadiyani wake ndi ili: mukapangidwa laparoscopy, tsiku lililonse liyenera kukhala labwinoko kuposa dzulo lake. Lero mukamva kuwawa kuposa dzulo, bwererani kuchipatala lero lomwelo, ndipo mukanene kuti munapangidwa laparoscopy tsiku lakuti. Musayang'ane mabala akunja. Iwo amatha kuuma bwino mkati mukuwonongeka.

Bambo a Yankho (Kawale)
Adokotala, mawu amenewo akanatiuza potuluka, bwenzi titabwerera tsiku lachiwiri lomwe lija.

Dotolo wa amayi
N'zoona bambo. Ndipo kwa anzanga azaumoyo amene muli pano: mayi wa laparoscopy akaimba foni kuti ululu ukukula, yankho lake ndi limodzi, bwerani. Pa foni simungagwire mimba, simungawerenge kugunda kwa mtima.

Nachisale
Komabe adokotala simunandiyankhe. Ngati zili choncho, bwanji osangong'amba monga takhala tikuchitira?

Dotolo wa amayi
Chifukwa kung'ambako kulinso ndi mavuto ake, kungoti tinawazolowera. Pa opaleshoni yong'amba, thumbo ndi chikhodzodzo zimavulalanso. Kuonjezera apo bala lalikulu limachita mafinya kawirikawiri, nthawi zina limamasuka, ululu ndi wochuluka, munthu amagona nthawi yaitali ndipo kugonako kumabweretsa magazi oundana m'miyendo. Zam'kati zimamatiranamatirana kwambiri pambuyo pake, zomwe kwa mayi wofuna kubereka si nkhani yaing'ono. Kwa chotupa chamadzi chosaoneka ngati khansa, mimba yokhala mu chubu imene sinatayitse magazi ambiri, endometriosis, kapena kufufuza ngati machubu ali otseguka, laparoscopy ili patsogolo, malinga ngati amene akuipanga anaiphunzira bwino.

Koma pali nthawi imene inenso ndingasankhe kung'amba. Mayi wabwera chubu chitaphulika, magazi adzaza m'mimba, BP yatsika: pamenepo chofunika ndi liwiro, ndipo njira imene gulu la m'fiyetamo likuidziwa bwino ndi imene ipulumutse moyo. Chotupa chachikulu kwambiri kapena chokayikitsa kuti ndi khansa sitifuna chiphulikire m'mimba. Chimodzimodzi mimba imene inadwalapo TB kapena inang'ambidwa kangapo.

China chofunika muchimvetse: pa fomu imene mumasayina pamalembedwa kuti zikavuta adzang'amba. Mukadzuka n'kupeza bala lalikulu, sikuti dokotala walephera. Dokotala amene waona kuti sakuona bwino n'kutsegula wachita zanzeru. Woopsa ndi amene amakakamira timabowo chifukwa analonjeza.

Nachisale
Apo ndamva. Komabe manambala mwatchulawo ndi a ku Britain. Kuno si ku Britain.

Dotolo wa amayi
Mukunena zoona amayi, ndipo sindikutsutsani. Manambala amenewo amachokera komwe madokotala amapanga opaleshoniyi sabata iliyonse, zipangizo zikaonongeka zimasinthidwa msanga. Luso la laparoscopy limakula ndi kubwerezabwereza, ndipo mavuto amachuluka pa maopaleshoni oyambirira a dokotala aliyense. Njirayi si yachilendo padziko, madokotala a amayi ndi amene anaitsogolera. Kurt Semm wa ku Kiel, Germany, anachotsa apendikisi mwa njirayi mu 1980, ndipo Harry Reich wa ku America anachotsa chiberekero mu 1988. Koma kwathu kuno amene anaizolowera akadali ochepa. N'chifukwa chake funso lenileni si loti njirayi ndi yabwino kapena ayi, koma akupanga ndani, kuti, ndipo chikavuta pali chiyani.

Nabanda (Area 25)
Adokotala, ndiye ndikawafunse kuti mwapangapo angati? Ine sindingathe, aziti ndikuwaderera. Mukudziwa mmene timakhalira ife pamaso pa dokotala, timangoti inde inde.

Namwino wa ku fiyeta
Achemwali, kufunsa si mwano, zimatengera kafunsidwe. Munganene kuti, “Adokotala, tithandizeni kumvetsa, maopaleshoni otere mumapanga pafupipafupi kuno?” Kenako, “Thumbo likavulala, alipo dokotala wa matumbo amene angabwere msanga?” Ndiponso, “Usiku zikavuta kunyumba tiimbire ndani, tibwere pakhomo liti?” Funsaninso za magazi, ngati gulu la magazi ake aliyeza ndipo angawapeze mwachangu. Dokotala wodziwa ntchito yake sakwiya ndi mafunso amenewa, ambiri amakondwera. Akakwiya, pamenepo mwaphunzirapo kanthu. Ngati mukukayika za mapepala a dokotala, a Medical Council of Malawi ali konkuno ku Lilongwe, ndi amene amasunga kaundula.

Ndipo mukapite awiri. Wodwala yekha amaiwala theka la zomwe wauzidwa.

Wogonetsa odwala
Ndiikepo mbali yanga, poti anthu amafunsa za dokotala wocheka okhaokha, ife amatiiwala. Laparoscopy ili ndi zake pa nkhani ya tulo. Mpweya wa m'mimba umakankhira mapapo m'mwamba, komanso tebulo timalipendeketsa mutu pansi kuti matumbo achoke m'chiuno. Choncho timaika chubu pakhosi, makina n'kumapumira wodwalayo, ndipo pamafunika kachipangizo koyeza carbon dioxide amene akutuluka popuma. Wa mphumu, wa mtima, wa BP kapena shuga atiuziretu. Amene ali pa ma ARV anene, musabise ndipo musasiye kumwa, si chifukwa choletsera opaleshoni. Mankhwala azitsamba nawonso mutiuze, ena amachititsa kuti magazi asagwirane msanga. Chakudya musiye maola 6 isanachitike, madzi okha mpaka maola 2, kapena monga akuuzireni kumeneko. Agadiyani, chonde musamupatse wodwala kaphala mobisa pomumvera chisoni. Akasanza ali mtulo, zimalowa m'mapapo. Pakhosi pakamakanda mukadzuka, ndi chubu chija, zimatha.

Nabanda (Area 25)
Zikomo kwambiri, ndalemba zonse m'kabuku. Tikupita Lachinayi. Adokotala, funso lina: mng'ono wangayu sanaberekepo. Thumba la mazira lija achotsa lonse?

Dotolo wa amayi
Chimenecho mukafunse mwachindunji musanasayine. Kwa mtsikana wa chotupa chosakayikitsa, cholinga chimakhala kusenda chotupacho n'kusiya thumba. Nthawi zina silipulumuka, mwina lapotokoka n'kufa kapena magazi akukana kusiya. Likachoka limodzi, linalo limagwira ntchito, msambo umapitirira ndipo mimba imatheka. Mukaonetsetsenso kuti chomwe achotsecho apititsa ku labu, ndipo mukatenge zotsatira. Ambiri akachira sabwereranso kukafunsa.

Pamene mukudikira tsikulo, akamva kupweteka koopsa kwadzidzidzi mbali imeneyo, limodzi ndi kusanza, musadikire Lachinayi. Chotupa cha kukula kotero chimatha kupotokola thumba, ndipo pamenepo ndi maola amene amawerengedwa.

Anti a ku Biwi
Ndilowe nawo. Ine anandipeza ndi zotupa za m'chiberekero, mafayibuloidi, chachikulu ngati lalanje. Ana anga akufuna kunditumiza ku India kuti akachotse mwa timabowo. Chimene sindikumvetsa, chinthu chachikulu choncho chituluka bwanji pa kabowo ka sentimita imodzi?

Dotolo wa amayi
Anti, mwafunsa pofunika. Amachidula m'tizidutswa ndi makina otchedwa morcellator. Mu 2014 bungwe la FDA, loyang'anira mankhwala ndi zipangizo zachipatala ku America, linachenjeza za makinawa. Chifukwa chake n'choti mwa amayi ochepa, chomwe chikuoneka ngati fayibuloidi wamba chimakhala khansa yobisika yotchedwa sarcoma, ndipo kuidula m'mimba kumaimwaza. Nthawi imeneyo iwo anayerekeza kuti ndi mayi mmodzi pa 350, ngakhale akatswiri ena amati n'zosowa kuposa pamenepo. Chiopsezo chimakula ndi msinkhu, makamaka kwa amene anasiya kusamba. Masiku ano ambiri amadulira m'kathumba kapadera kuti tizidutswa tisamwazike, kapena amakulitsa bowo limodzi pang'ono. Mukawafunse kuti adzatulutsa bwanji. Ngati munasiya kusamba koma chotupa chikukulabe, muwauze zimenezo poyamba penipeni.

Kwa achitsikana amene mukuwerenga: mukachotsedwa fayibuloidi chiberekero n'kutsala, pamakhala chipsera pa chiberekeropo, kaya anadzera timabowo. Mufunse kuti mudikire miyezi ingati musanatenge mimba, ndipo mukadzayamba sikelo mukanene. Ena amafunika kubereka pa siza kuopa kuti chiberekero chingang'ambike.

Make Tadala
Za kunjazo, anti, mnzanga wina anapita. Vuto linali pobwera, anakwera ndege masiku ochepa chabe atapangidwa, mwendo unatupa.

Namwino wa ku fiyeta
Amenewo ndi magazi oundana, ndipo akasuntha n'kupita m'mapapo amatha kupha. Opaleshoni ndi kukhala nthawi yaitali mu ndege zikaphatikizana chiopsezo chimakula. Anti, ana anu asagule tikiti yobwerera mothamanga pofuna kupulumutsa ndalama ya malo ogona. Kumbukirani zomwe anena adokotala, kuti thumbo lopsa limatha kubooka patapita sabata. Mubwerenso ndi lipoti lolembedwa la zomwe anachita, ndipo musananyamuke mupeze dokotala wa konkuno amene adzakuoneni mukabwera.

Anti a ku Biwi
Ndawatumizira ana anga zonsezi. Mulungu akudalitseni.

Naphiri wa ku Chinsapo
Pepani, ine ndikufuna kutseketsa, ana anayi andikwanira. Ndiye kuti nanenso adzandipopa mpweya umenewu? Nkhani ya Bambo a Yankho yandiopsa.

Namwino wa ku fiyeta
Ayi mayi. M'maiko ena amatseka ndi laparoscopy, koma kuno kawirikawiri, kaya m'zipatala za boma kaya ku Banja La Mtsogolo, amacheka kabala kamodzi kakang'ono m'munsi mwa mimba, atabaya jakisoni wochititsa dzanzi pamalopo. Simugona tulo, sapopa mpweya, ndipo mumabwerera kunyumba tsiku lomwelo. Ngati munapangidwapo siza muwauze. Lamulo lija ndi lomwelo, ululu ukamakula m'malo mochepa, bwererani.

Naphiri wa ku Chinsapo
Zikomo anamwino, mtima wakhala pansi.

Bambo a Yankho (Kawale)
Anamwino, tatchulani zizindikiro zonse pamalo amodzi, kuti agadiyani asunge mu foni. Ife amuna ndi amene timakhala ndi ndalama ya thiransipoti, tikachedwa kumvetsa ndiye kuti wodwala wachedwanso.

Namwino wa ku fiyeta
Zoyembekezereka: kuwawa kwa phewa, mimba kufufuma pang'ono, kutopa, timagazi tochepa kumaliseche, zonsezi zikucheperachepera.

Zothamangira kuchipatala, usana kapena usiku: ululu wa m'mimba umene ukukula, kusanza kosalekeza, kukanika kudya ndi kumwa, kutentha thupi kapena kunjenjemera, mimba kutupa n'kuuma, mpweya ndi chimbudzi osatuluka, chizungulire kapena kukomoka, mtima kuthamanga, mkodzo kuchepa kwambiri kapena kukanika kukodza, kupweteka kwa m'mbali cha kumsana, kutaya magazi ambiri, mwendo umodzi kutupa, kubanika kapena kupweteka pachifuwa. Musapite kogula mankhwala, musayambe mwadikira kuti kuche. Ngati komwe munapangidwa kuli kutali kapena sakuyankha, pitani ku chipatala cha Kamuzu Central ndi buku lanu la kuchipatala. Chipatala Cha Pa Foni chingakupatseni uphungu, koma pa zizindikiro izi nyamukani basi.

Kabala kakafiira n'kumatuluka mafinya, kapena pakatuluka kachotupa pa chipsera ngakhale patapita miyezi, kaonetseni. Kachotupako kangakhale thumbo likusuzumira pa bowo lomwe silinatsekeke bwino mkati. N'chifukwa chake timati musathamangire kusenza ndowa, kusinja kapena kulima. Apongozi ndi amuna akaona timabala tating'ono amaganiza kuti munthu wachira, pomwe mkati muli ntchito yaikulu. Amene wachotsedwa chiberekero adikire masabata osachepera 6 asanakhale pamodzi ndi bambo, ndipo ayambe waonedwa, chifukwa ulusi wa mkati ukhoza kumasuka.

Nangozo (Mtandire)
Ndakhala ndikungowerenga, koma pamene mwatchula mkodzo ndadzidzimuka. Azakhali anga anachotsedwa chiberekero masabata atatu apitawo, mwa timabowo momwemu. Kuyambira sabata yatha akungotuluka madzi kumaliseche osalekeza, usiku ndi usana, fungo lake la mkodzo. Kukodza amakodzanso bwinobwino. Akuchita manyazi, akuti mwina ndi mmene zimakhalira, ndipo aletsa kuti tisauze amalume. Akudandaulanso msana mbali ya kumanzere.

Dotolo wa amayi
Mayi, si mmene zimakhalira ayi. Sindingapime munthu pa foni, koma zomwe mwafotokozazi zikufanana ndi kuvulala kwa njira ya mkodzo. Kachubu kochokera ku impso kupita ku chikhodzodzo kamadutsa pafupi kwambiri ndi khomo la chiberekero, pa mtunda wosakwana masentimita awiri, pomwe timamanga mtsempha wa magazi. Kakapsa kapena kumangidwa, patapita masiku mkodzo umapeza njira yotulukira kumaliseche. Poti impso inayo ikutumizabe mkodzo ku chikhodzodzo, munthu amakodza monga mwa masiku onse kwinaku akudontha. Zimachitikanso pa opaleshoni yong'amba ndi pa siza. Msana umene akudandaulawo ndi umene ukundidetsa nkhawa, chifukwa impso ya mbali imeneyo ikhoza kukhala ikutupa.

Zimakonzeka, ndipo zikafulumira impso imapulumuka. Mawa m'mawa apite komwe anapangidwa, kapena ku Central. Ku Bwaila kulinso malo othandiza amayi a vuto lodontha mkodzo, kumeneko nkhani zotere amazidziwa bwino. Atenge buku ndi pepala lililonse lomwe anapatsidwa potuluka. Asachepetse kumwa madzi pofuna kuti asadonthe. Thupi likatentha kapena akayamba kusanza usiku uno, musadikire mawa.

Nangozo (Mtandire)
Thupi silikutentha, ndangowagwira kumene. Nanga amalume ndiwauze? Azakhali akaniratu.

Namwino wa ku fiyeta
Yambani mwakhala nawo pansi azakhaliwo, muwawerengere zomwe alemba adokotalazi, amve kuti si iwo okha ndipo sanalakwe kanthu. Kenako muwapemphe kuti amalume muwauze muli limodzi, poti pafunika thiransipoti ndi wowadikirira ngati angawagoneke. Muwakonzere nsalu zoyera zingapo za panjira.

Nangozo (Mtandire)
Avomera. Amalume akubwera kuchokera ku ntchito, tiwauza akafika. Tinyamuka 5 koloko kuti tikakhale kutsogolo pa mzere.

Dotolo wa amayi
Mukafika musangoti akudwala msana. Munene kuti anachotsedwa chiberekero pa laparoscopy tsiku lakuti, ndipo akudontha mkodzo kuyambira tsiku lakuti. Mupemphe kuti aone impso pa sikani.